Akaunting: ndilowe digiri kaye kapena ndiyambe mapepala a ICAM? Ndithandizeni maganizo

Tiya wa ku Bangwe:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete chindilowetsereni achimwene anga koma lero zandivuta ndiye ndati ndifunse basi. Ndinalemba MSCE ndinapeza mapointi 15, Masamu 3 Chingerezi 3. Pa fomu ya NCHE ndinaika Bachelor of Accountancy (BAcc) ya ku MUBAS poyamba penipeni koma mayina atatuluka andiika ku Business Administration (BBA) komweko. Kunyumba anasangalala mpaka mayi anapha nkhuku koma ine mtima wanga uli ku akaunting, kuyambira fomu 2 kabuku ka ngongole pa okala ya mayi ndimasunga ndine ndipo ndimakonda zinthu zikamagwirizana madzulo potseka. Tsono malume amene amandilipirira fizi akuti ndisankhe ndekha. Ndingopita ku BBA komwe andisankhako, kapena ndikalowe digiri ya akaunting ku Malawi College of Accountancy (MCA) koma fizi yonse ikhala pamutu pa malume, kapena ndiyambe dipuloma ya ICAM, bungwe la ma akauntanti la konkuno, uku ndikuthandiza mayi pa okala. Malumewo ndi dalaivala wa thiraki, ali ndi ana awo atatu, sindikufuna kuwasenzetsa katundu woti mawa tonse tidzanong'oneze bondo. Amene munadutsamo ndiuzeni zoona zokhazokha chonde

Man Dee:
Pita ku BBA iwe usataye malo a boma, anzako akulira usiku ndi usana kufuna malo amenewo. Komanso ma akauntanti achuluka kale mtauni muno, ntchito imodzi ikatuluka munyuzi makalata amadzadza katoni

Amake Wongani:
Man Dee musamuopseze mwana. Tiya dikira kaye abwere akuluakulu, a Madala Akaunti muli pafupi?

Madala Akaunti:
Ndilipo mayi. Mwana wanga Tiya, choyamba wakhoza bwino, 3 ya Masamu si yotola pansi. Tsono mvetsetsa ichi chifukwa ambiri amadzachizindikira atamaliza kale zaka zinayi. Mu ntchito yathuyi muli zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Pali digiri ya ku yunivesite, ndiye pali mapepala a bungwe la ma akauntanti. Digiri imakuthandiza kuitanidwa ku intaviyu komanso kulowa ntchito m'boma pa giredi yabwino, koma dzina loti chartered accountant silichokera ku yunivesite iliyonse, limachokera ku ICAM kapena mabungwe a ku UK a ACCA ndi CIMA utalemba mayeso awo ndi kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa munthu amene ali kale membala. Ndiye ngakhale ukanasankhidwa ku BAcc komwe umafunako, mapepala ukanadzalembabe, kungoti akanakuchotserako ena oyambirira.

Ife nthawi yathu kunali PAEC yolembetsa mayeso ndi SOCAM ya mamembala, lamulo la Public Accountants and Auditors Act la 2013 ndi limene linabweretsa ICAM kuphatikiza ziwirizo, ndipo pamwamba pali Malawi Accountants Board yoyang'anira ntchito yonse. Ine digiri ndinalibe, ndinayamba ngati kalaliki wolemba ma vocha, dipuloma ndinkawerengera usiku, digiri ndinadzaipeza ndili kale ndi ana awiri. Sindikunena kuti udutse njira yangayi, inali yowawa, ndikungofuna udziwe kuti kusasankhidwa ku BAcc sikunakutsekere chilichonse.

Tiya wa ku Bangwe:
Zikomo kwambiri madala. Ndiye ku ICAM ko munthu amayambira pati? ndimangomva CIFA, technician, CA sindisiyanitsa

Madala Akaunti:
CIFA ndi satifiketi, ya amene akuyambira pansi penipeni. Kenako Technician Diploma, iwe ndi ma kiredit akowo ungayambire pamenepa. Ukamaliza dipuloma ukulowa ya CA, ya chartered accountant ija, imene ili ndi magawo atatu, Knowledge, Professional ndi Advanced. Ubwino wake ukulipira makwacha ndipo za misonkho ndi malamulo a makampani ukuphunzira za konkuno zimene udzazigwiritse ntchito Lolemba m'mawa.

Chiko wa Audit:
Ndionjezereko za ACCA poti ndi imene ndikulemba ine. Mapepala onse alipo 13, atatu oyambirira, kenako asanu ndi limodzi apakati monga a malamulo, misonkho ndi audit, ndiye omaliza anayi, awiri okakamiza, awiri enawo umasankha wekha. Kuonjezera apo pali kosi ya ethics ndi miyezi 36 ya ntchito yoti abwana ako asayinire. Wa digiri ya akaunting yovomerezeka atha kumuchotsera mpaka 9, koma dziwani kuti pepala lililonse limene akuchotsera umalilipirabe, anthu sauzana zimenezi. Ndipo zonse ndi mapaundi. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 ine ndinali nditasunga ndalama ya mapepala awiri, ndinadzuka m'mawa ndalama yomweyo ikukwana limodzi lokha, osanenanso za kuzungulira m'mabanki kufuna foreksi, khadi kukana, tsiku lotseka kulembetsa likuyandikira iwe mtima uli m'mwamba. Anzanga atatu anasiyira panjira osati chifukwa cholakwa mayeso ayi koma ndalama. Ndiye Tiya ngati wolipira ndi malume a thiraki imodzi, ACCA uyiike kaye pambali, udzaiganizire ukadzayamba kulandira kapena ukadzalowa kampani yolipirira antchito ake mayeso

Achemwali a ku Leeds:
Koma Chiko usaiwale kunena ubwino wake. Ine ndili kuno chifukwa cha ACCA yomweyo, nditafika sanandifunse zambiri za koleji yomwe ndinaphunzira, anangoona kuti ndine membala basi. Ndinayambira pansi ndithu, chaka choyamba ndinkangolowetsa ma invoisi a ma sapulaya pomwe kumudzi ndinali ndi anthu anayi pansi panga, zinandipweteka koma pano ndinakwera. Amene maso ake ali kunja ACCA kapena CIMA imamuyendera msanga.

Madala Akaunti:
Zoona achemwali, koma mwanayu ali ndi zaka 18 kapena 19, tiyeni timuthandize za chaka chino kaye, za ndege zidzabwera

Aphunzitsi B:
Ndalowa mochedwa ndinali mkalasi. Ine ndimaphunzitsa financial reporting pa koleji ina mtauni muno ndiye ana a njira zonse zitatuzi amadutsa m'manja mwanga. Tiya, malo a yunivesite ya boma usawataye mwachibwana. Fizi yake ndi yotsika poyerekeza ndi kolipira wekha, ndipo uli ndi mpata wopempha ngongole ku Loans Board, zimene zingawapepukitse malume ako. Ukakafika sabata yoyamba lemba kalata kwa a Registrar yopempha kusintha pulogalamu, nthawi zina malo amapezeka chifukwa ena osankhidwa sabwera, osadalira kuti zitheka koma kalata sidula kanthu. Zikakanika khala mu BBA momwemo, muli kale makosi a akaunting, costing ndi finance, ndiye uzilemba ICAM pambali pang'onopang'ono mapepala awiri awiri. Pomaliza zaka zinayi uli ndi digiri kudzanja ili dipuloma kudzanja linalo. Ndawaonapo ana otere ndipo ku intaviyu amavuta kuwakana.

Ya MCA nayo ndi yabwino sindikuinyoza, akaunting ndiye ntchito yawo chiyambire ndipo ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu komwe. Vuto ndi loti malume akadwala kapena thiraki ikaima miyezi itatu fizi iyima pomwepo. Chinthu china kwa onse amene mukuwerenga muli ndi ana, musanalipire koleji iliyonse onani kaye ngati pulogalamu yeniyeniyo ili pa mndandanda wa NCHE, osati dzina la koleji lokha, ndipo funsani ku ICAM ngati omaliza pamenepo amawachotsera mapepala. Chaka chatha anabwera mnyamata ndi bambo ake mu ofesi mwanga, bambowo anagulitsa ng'ombe zinayi kulipira digiri pa koleji ina yake, pofika polembetsa mapepala anamuuza kuti ayambire pansi ngati wa MSCE. Bambowo anangovula chipewa n'kukhala chete nthawi yaitali, ine mpaka lero nkhope yawo ndimaiona

Tiya wa ku Bangwe:
Eee zomvetsa chisoni. Aphunzitsi koma kuphatikiza ziwiri sikungandigwetse? ndimamva kuti ku Poly, ku MUBAS konko, ukalakwa makosi angapo amakuwida

Aphunzitsi B:
Chaka choyamba usaphatikize chilichonse, zolowera kaye sukulu. ICAM uyambe chaka chachiwiri ukaona mmene mutu ukuyendera. Ndipo ikafika nthawi yoti mayeso awombana, a yunivesite ndiwo oyamba, a ICAM amabweranso

Mphatso K:
Pepani ndilowerere, funso langa ndi lofananako. Ine Masamu ndinapeza 6 ndipo ndimawaopa, akaunting ndingaithe?

Amake Wongani:
Mphatso masamu a mu akaunting si a x ndi y aja ayi, kwambiri ndi kuphatikiza, kuchotsera ndi ma peresenti, zovutirapo ndi za finance ndi costing koma zimaphunzirika. Chimene chimafunika ndi kudekha ndi Chingerezi chomveka chifukwa mapepala akumtunda ndi kulemba ndi kufotokoza. Ndikuuze zimene zinandichitikira mwezi wanga woyamba pantchito. Ndinkapanga bank rec, buku lathu ndi sitetimenti ya ku banki zinasiyana ndi K900 yokha. Ndinakhalira K900 imeneyo kuyambira 2 koloko mpaka magetsi anazima, ndikuwerenga ndi tochi ya foni, mlonda akungosuzumira pawindo. Ndinafika potulutsa K1,000 m'chikwama mwanga kuti mwina ndingoika zithe. M'mawa mwake mayi wina wachikulire amene anali kashiya anangoyang'ana n'kunena kuti mwanawe, kusiyana kukagawika ndi 9 yang'ana pomwe watembenuza manambala. Pasanathe mphindi khumi tinaipeza, cheke cha K5,400 ndinalemba K4,500. Mayi uja analibe ngakhale dipuloma koma anandiphunzitsa zimene sindinazimve mkalasi, ndipo anandikalipira kwambiri za K1,000 ija, akuti ukazolowera kutseka dzenje ndi ndalama yako mawa udzatseka ndi bodza. Ngati ungathe kukhala pansi kufunafuna K900 osatopa, ntchitoyi ungaithe

Mphatso K:
Zikomo mayi mwandilimbitsa mtima

Amake Wongani:
Ndipitirize pang'ono za mbali yanga ya ntchito. Ine ndili ku ma NGO zaka 11 tsopano. Malipiro ndi abwinoko kusiyana ndi malo ambiri koma ntchito ndi ya makontirakiti, pulojekiti ikatha kapena adona akasintha maganizo mumapakira nonse, chaka cha 2025 thandizo la America litaimitsidwa anzathu ambiri anangouzidwa kuti musabwere Lolemba. Ndiye ukalowa kuno usagone, pitiriza mapepala. Ndipo kuno amayang'ana digiri kwambiri, pa advert amalemba digiri kaye kenako ICAM kapena ACCA ngati chowonjezera, wa dipuloma yokha amathera pa accounts assistant ngakhale ntchito akuidziwa kuposa abwana ake. N'chifukwa chake ine njira yachitatu ija yongoyamba dipuloma uli pa okala sindikuivomera pomwe malo a digiri uli nawo kale m'manja

Man Dee:
Nonsenu mukuyankhula muli pa mipando. Muwauze anawa zoona, digiri ya akaunting ndili nayo ine, ya zaka zinayi, chaka chachitatu chino ndili pakhomo. Ndinapanga internship ya boma ija inatha, makalata ndaponya osawerengeka, ma intaviyu anayi okha ndipo kulikonse akufuna 3 years experience, ndiitenga kuti ngati simundilemba? Anzanga amene analowa ntchito ambiri ndi oti ali ndi achibale mkati. Ndiye ndikamati achuluka sindikunyoza, ndikunena zimene ndikuziona

Chiko wa Audit:
Aise pepa, sindimadziwa. Zimene ukunenazo si bodza, kalasi yathu tinali ambiri koma amene tinalowa ntchito chaka choyamba ndi owerengeka

Madala Akaunti:
Man Dee wachita bwino kunena, ndipo palibe amene akutsutse kuti ntchito zikusowa ndiponso kuti kukondera kulipo. Ndikufunse mwana wanga, mapepala unayamba? Ndipo panopa ukudya chani?

Man Dee:
Sindinayambe madala, ndalama yake ndiitenga kuti. Panopa ndimathandiza mashopu awiri ku Limbe kulemba mabuku ndi kuwapangira za MRA, amandipatsa kangachepe pakutha pa mwezi

Madala Akaunti:
Ndiye bwanji ukunena kuti ulibe experience? Imeneyo ndi ntchito yeniyeni. Pa CV pako palembedwe kuti umasunga mabuku a mabizinesi awiri, umawerengera PAYE ndi kuipereka pofika pa 14, VAT pofika pa 25, umagwiritsa ntchito Msonkho Online, umagwirizanitsa sitoko ndi zogulitsa. Ana ambiri otuluka ku yunivesite sanaonepo ngakhale fomu ya withholding tax. Eni mashopuwo akulembere makalata. Ndipo pa kangachepeko patula ya pepala limodzi lokha la ICAM, limodzi basi, chifukwa ine ndikakhala pa intaviyu pakabwera anthu awiri a digiri yofanana, amene walemba kuti CA ndayamba ndili pa level yakuti ndimamuona kuti sanaime. Nditumizire CV yako ku inbox usiku uno ndiyione, sindikukulonjeza ntchito koma tiikonze

Man Dee:
Nditumiza madala. Zikomo

Mayi a Geni Limbe:
Ine sindine akauntanti ndimagulitsa zitenje ndi nsapato, ndinalowa gulu lino kufuna wondithandiza. Ndingonena kuti anthu ngati Man Dee tikuwafuna kwambiri ife a mabizinesi ang'onoang'ono. Ine ndinalipitsidwapo penati chifukwa chochedwa kupereka ma return, osati kuzemba ayi koma kusadziwa tsiku. Ndalama imene ndinalipa ikanamulipira mnyamata miyezi ingapo. Vuto ana ophunzira amafuna ofesi ya eyakoni, kubwera kuseri kwa shopu kudzawerenga malisiti a m'jumbo amaona ngati kunyozeka

Man Dee:
Mayi ine jumbo ya malisiti sindiiopa, ndilembereni

Chiko wa Audit:
Tiya ndikuuzeko za audit poti ambiri amene amafika msanga pa chartered amadutsira kuno. Makampani a audit ngati Deloitte ndi Grant Thornton ndi ena ang'onoang'ono amatenga ma trainee, umasayina kontirakiti ya zaka zitatu, ambiri amakulipirira mayeso ndi kukupatsa masiku owerengera. Malipiro oyambira ndi ochepa, usayembekezere galimoto. January mpaka March kunyumba amakuona usiku wokhawokha chifukwa makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 December. Chaka changa choyamba pa 31 December anzanga akukonzekera kuwoloka chaka ine ndinali mu weyahausi ina ku Kanengo kuwerenga matumba a feteleza, kutentha, fumbi lake loyabwa m'maso, ndakwera pamwamba pa mulu ndi kabodi kanga m'manja. Wosunga sitoko akundiuza kuti bwana mizere yonse ndi yofanana ingochulukitsani, ine ndinakakamira kuti tisuntheko mzere umodzi, mkati mwa mulu munali mphako, matumba 60 kulibe. Ndinanjenjemera polemba chifukwa bamboyo anali msinkhu wa bambo anga ndipo ankandiyang'ana m'maso. Koma tsiku limenelo ndi limene ndinamvetsa kuti odita ntchito yake ndi chani. Pa zaka zitatu umaona mabuku a banki, a esiteti ya tiyi, a NGO, a fakitale, zimene wa kampani imodzi angazione pa zaka 15. Ndipo a BBA amawatenganso bola aonetse kuti mapepala ayamba

Tiya wa ku Bangwe:
Achimwene a Chiko nanga bambo aja zinawathera bwanji?

Chiko wa Audit:
Ife timangolemba zimene tapeza n'kupereka kwa eni kampani, zotsatira zake amapanga okha. Chaka chotsatira nditapitanso ndinapeza munthu wina pamalopo

Bambo a Upile:
Nkhani yafika pomwe ndimafuna. Ine ndagwira m'boma zaka 19, ku khonsolo komanso ku unduna. Ana inu mukamasankha ntchitoyi dziwani kuti mukusankha kukhala pakati pa ndalama ndi anthu amphamvu kuposa inu. Cashgate ya 2013 ija mabiliyoni anatuluka kudzera mu IFMIS, sisitimu ya pa kompyuta imene boma limalipirira, kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ndipo ena mwa amene anamangidwa ndi kukalowa kundende anali anthu a mu akaunti, ena ang'onoang'ono ndithu. Siginecha ndi pasiwedi zinali zawo. Ine zinandipezapo, bwana wina anabwera ndi vocha ya ma alawansi a msonkhano umene sunachitike, mayina 30 ndi masiginecha olembedwa ndi dzanja limodzi, akuti sayina mwamsanga galimoto ikudikira. Ndinakana mwaulemu, ndinati bwana ndilembereni pa pepala kuti mwandilamula. Sanalembe. Miyezi iwiri yotsatira ananditumiza ku boma lakutali, akazi anga analira, ana anasintha sukulu pakati pa teremu. Patapita zaka ziwiri a National Audit Office atadutsa pamalo paja amene anasayina m'malo mwanga anavutika kwambiri. Sindikunena kuti ndine woyera kuposa ena, mantha ndinali nawo ndipo usiku umenewo sindinagone.

Za ubwino wa m'boma, ntchito ndi yokhazikika, penshoni ilipo, mpata wopita kusukulu umapezeka, ndipo wa digiri amalowera giredi yapamwamba kuposa wa dipuloma. Akaunting yake ndi yosiyanako, kuno timayendera bajeti ndi mavoti, ndalama zopatsidwa ku unduna uliwonse, chaka cha boma pano chimayamba pa 1 April kutha pa 31 March, kale chinali July mpaka June. Kulinso MRA, Reserve Bank ndi makampani a boma, kumeneko malipiro ndi abwinopo koma mpikisano wake ndi woopsa

Amake Wongani:
Bambo a Upile mwanena zenizeni. Ndipo kwa ife azimayi pamabweranso zina, bwana kukuona ngati mwana woti sungamukanize. Tiya uphunzire kunena kuti ayi uku ukumwetulira, ndipo chilichonse chokayikitsa uzipempha kuti chibwere pa imelo

Jay wa ku Joni:
Moni kuchokera ku Johannesburg. Amene mukuganiza zobwera kuno ndi digiri ya kumudzi, pepala lanu liyenera kudutsa kaye ku SAQA kuti alione mulingo wake, ndipo CA ya kuno ya bungwe lawo la SAICA ili ndi njira yakeyake, digiri yovomerezeka ndi iwowo, chaka china cha pamwamba, ma articles, kugwira ntchito ngati trainee, zaka zitatu ndi mayeso a bodi. Si zongofika n'kulowa. Ine ndinabwera ndi dipuloma ndimagwira kwa mwenye wina ngati bookkeeper, chimene chinandipezetsa ntchito ndi mapulogalamu a pa kompyuta a Pastel ndi Excel osati pepala

Aphunzitsi B:
Jay wakhudza pofunika. Ana anga ambiri amatha kulemba consolidation pa pepala koma ukawapatsa kompyuta kuti apange pivot table kapena VLOOKUP thukuta kamukamu. Tiya kaya upita njira iti, Excel uyambe chaka chino, kenako Sage kapena QuickBooks. Ngati laputopu palibe, ku lab ya kusukulu uzikakhalako madzulo

Mphatso K:
Nanga zomwe akunena kuti AI itilanda ntchitoyi? Mkulu wanga akuti ndisavutike nazo ndipange IT

Chiko wa Audit:
Ntchito yongolowetsa manambala ikuchepa ndithu, zimenezo ndiye zoona, ma system ambiri pano amakoka okha sitetimenti ya ku banki. Koma kompyuta sikakwera pa mulu wa feteleza ku Kanengo, ndipo sikakhala pamaso pa bodi kufotokoza chifukwa chake phindu latsika. Ngati IT umaikonda phatikiza, pali CISA ya oyendera ma system, mabanki amawafuna anthu amenewo ndipo ndi ochepa. Palinso CIA ya internal audit ndi CFE ya ofufuza zachinyengo, onsewa amayambira pa maziko omwewa a debit ndi credit

Achemwali a ku Leeds:
Kunonso ndi chimodzimodzi, amene akuvutika ndi amene anaima pa data entry

Man Dee:
Koma ndibwerezebe, Tiya asapite ku MCA pa ndalama ya malume pomwe malo aboma alipo. Ine bambo anga anatenga ngongole ku SACCO kuti ndimalize, mpaka lero akudulidwabe ndipo ndikamawaona pakutha pa mwezi mtima umandipweteka. Pamenepo pokha ndiye ndikugwirizana ndi aphunzitsi

Bambo a Upile:
Apo tagwirizana tonse. Ndingowonjeza kuti akawafotokozere malumewo bwinobwino kuti sukuluyi sithera pa gauni, adziwiretu kuti pambuyo pake pali mayeso ena, kuti asadzadabwe mwana atamaliza digiri akupemphanso ya mapepala. Makolo ambiri amakhumudwa pamenepa chifukwa palibe anawauza

Admin Gulu:
Abale nkhaniyi ndaipinira pamwamba kuti ena adzaipeze. Amene mukutumiza ma link a makoleji ndi manambala a ma tuition ndafufuta, malamulo a gulu mukuwadziwa

Tiya wa ku Bangwe:
Mwadzuka bwanji nonse. Pepani ndinasowa dzulo bandulo inatha. Malume anafika usiku kuchokera ku Beira ndiye ndinawawerengera zonse kuyambira pa a Madala mpaka pa a Bambo a Upile, anamvetsera akudya nsima osayankha kanthu, pa nkhani ya ng'ombe zinayi ija anasiya kudya. Pomaliza anati pita ku Poly, kalata yosinthira pulogalamu ukalembe tsiku loyamba, zikakanika ndalama imene ndikanalipira ku MCA ndizikusungira ya mayeso a ICAM kuyambira chaka chachiwiri. Anatinso kabuku ka pa okala ndimuphunzitse mng'ono wanga ndisanapite chifukwa mayi amakongoza anthu osalemba. Fomu ya Loans Board ndiyamba kudzaza mawa. Tsono funso lina, pali amene ali ndi mabuku akale a technician oti ndiziwerengako panopa ndikudikira kutsegulira? ngakhale ong'ambika

Chiko wa Audit:
Ndili nawo awiri, la accounting ndi la costing, muli zolembalemba zanga za pensulo koma akuwerengeka. La taxation usatenge lakale kwa aliyense, mitengo ya misonkho imasintha ndi bajeti chaka chilichonse ungaloweze zolakwika. Loweruka ndikhala ku Chichiri cha m'ma 10, ubwere ndi achimwene ako aja udzatenge

Amake Wongani:
Kakyuleta ya scientific ndili nayo ya Wongani anasiya, ndimupatsira Chiko Lachisanu pochoka kuntchito

Madala Akaunti:
Man Dee CV ndaiona, ndakubwezera ndi zofiira zambiri usakhumudwe. Tsamba lachiwiri lonse lija la ma hobbies chotsa, mashopu a ku Limbe akwere pamwamba. Undiimbire ikakwana 1 koloko ndikakhala pa lunch